Apongozi Anatsuka Kiyibodi Yanga

M'nkhaniyi mulibe bodza ngakhale laling'ono ngati njere ya therere. Wokayika akwere njinga apite ku Zemba akafunse. Anthu ake akadali moyo, ndipo ena akadasekabe.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini. Kwathu kuno mwamuna akakwatira amakakhala kwawo kwa mkazi, kulima, kumanga nkhokwe, kufolera khitchini, mpaka eni mbumba atakhutira kuti sanalandire chilombo. Pamenepo ndiye amapempha chitengwa, chilolezo chonyamula mkazi kupita naye kwina. Ine chitengwacho ndinkachifuna ngati mmene wodwala malungo amafunira bulangeti. Ntchito yanga ndi yolembera anthu pa kompyuta: makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, mayeso a ana a sukulu. Makasitomala anga onse anali ku boma, ku Chadiza, choncho m'mawa uliwonse ndinkapalasa njinga laputopu ili kumbuyo ngati mwana, mpaka matako anga anatenga maonekedwe a chishalo. Sindikuwonjezera. Anamwino a ku kiliniki atafuna kundibaya jakisoni anayamba andifunsa kaye mtundu wa njingayo.

Kuseri kwa msika ndinali nditapeza kachipinda ka magetsi. Mwini wake anati andisungira mpaka anthu atakolola, kupitirira apo apatsa wina. Nditatumiza mawu a chitengwa kwa amalume a mkazi wanga, omwe ndi eni mbumba, anayankha kuti: "Ine ndilibe mawu. Mlongo wanga akavomera, ndavomera." Mlongo wawoyo ndiye apongozi anga, ndipo sanavomere, sanakanenso. Anangopitiriza kusesa.

Apongozi anga ndi mayi wamfupi, wa m'gulu la amayi pa katchalitchi kathu ka Katolika, ndipo litsiro amadana nalo ngati linawaphera m'bale. Anasesa pabwalo mpaka nthaka inatsika, nyumba n'kutsala m'mwamba, moti tinachita kuyika njerwa zopondapo polowa. Ndinawaonapo ndi maso angawa akutsuka sopo. Mwa mwambo, ine ndi iwo sitinkayankhulana mwachindunji. Ngakhale titakhala atatu pansi pa mtengo umodzi wa mango, mawu ankadzera mwa mkazi wanga. Iwo ankati: "Uwauze apongoziwo kuti mbuzi yalowa m'dimba." Mkazi wanga n'kutembenuza khosi: "Akuti mbuzi yalowa m'dimba." Ine ndamva kale, mbuzi nayo yamva, koma timadikira uthenga ufike.

Lamulo lalikulu la pakhomopo mkazi wanga anandiuza nditangofika kumene. "Chimene amayi ayika, chayikidwa. Musasunthe." Anandilozera mwamuna wa mkulu wake, amene ankasema mpini kuseri kwa khola. Iyeyo tsiku lina apongozi anamutsamiritsira njinga padzuwa, iye n'kuisunthira pamthunzi. Sanamukalipire. Koma za chitengwa chake zinathera pomwepo, ndipo ali pamudzipo mpaka lero, imvi zili mbuu, akusemabe mipini.

Tsopano za kiyibodi. Mabatani a laputopu yanga anafa kalekale, nyerere zitalowamo kutsata tiyi amene ndinatayira. Msuweni wanga, amene amakonza mafoni ku Chipata, anandipezera kiyibodi yapadera m'katoni ya katundu wakale wa pa salaula, n'kunditumizira pa minibasi. Nditatsegula phukusi ndinayesa wandinyoza. Kanthuko kanali kotalika pang'ono kuposa chitsononkho. Mabatani onse ofanana kukula, ali m'mizere yowongoka ngati munda wa munthu wopanda ngongole ya tulo. Zilembo zinalipo, koma manambala kunalibe. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imapezeka, n'kumuimbira.

"Iwe, manambala ali kuti?"

"Ali momwemo, mbuzi iwe. Ali pamwamba."

Ndinayang'ana pamwamba pa kiyibodi. Ndinayang'ananso kumwamba kwenikweni. Kunali khwangwala.

"Osati kumitambo," anatero msuweni. "Pa nsanjika yachiwiri. Kodi kumudziko anakudyetsa chiyani?"

Anandifotokozera, ine n'kumva theka. Akuti kiyibodiyi ili ngati nyumba yosanjikizana. Pa nsanjika yapansi pamakhala zilembo. Ukagwira batani lina la pa chala chachikulu osalisiya, kiyibodi yonse imakwera pa nsanjika yachiwiri, ndipo batani lomwe lija linkatulutsa Q limatulutsa 1. Ukasiya, yatsika. M'kati mwake muli kapulogalamu kotchedwa femuweya, kamene kamasunga mapu onena kuti batani lakuti, pa nsanjika yakuti, litulutse chakuti. Zilembo zolembedwa pamwamba pa mabatani ndi tizipewa chabe, timavuka, ndipo kiyibodi siidziwa chimene chalembedwapo.

"Chipewa cha wapolisi ukaveka mbuzi, mbuziyo iyamba kumanga anthu?" anafunsa.

"Zimatengera mbuzi yake," ndinatero.

Mapuwo umatha kuwalemba wekha. Pa laputopu pamabwera timabokosi tondandalikidwa ngati mabatani, iwe n'kumayika m'kabokosi kalikonse chimene ukufuna. Ukatha umadina batani lapadera loti kiyibodi itsegule pakamwa, n'kuthiramo mapu atsopano. Kumeneko amati kufulasha, ngati mmene amachitira ndi mafoni. Ndinavutika nazo, koma mapeto ake ndinamanga nyumba yanga bwinobwino. Pansi zilembo. Pamwamba manambala ndi zizindikiro. Pamwamba pa apo mawu a ukwati, oti ukangodina kamodzi chiganizo chonse chatuluka: "Mukuitanidwa ku ukwati woyera wa". Pamwamba penipeni mawu a maliro. Ndinkadziona ngati mwini nyumba za lendi. Chofooka changa chinali chimodzi: sinditha kulemba osayang'ana. Ndimalemba ngati nkhuku yojompha chimanga, diso pa chipewa, chala n'kutsatira.

Loweruka lina tinapita kukapalira thonje, kiyibodi n'kuisiya patebulo. Pobwera masana ndinaona lichero lili pa thandala, m'kati muli tinthu tonyezimira tikuuma padzuwa, tambala akutizungulira ngati akufuna kugula. Ndinayesa ndi nyemba zamtundu watsopano. Nditayandikira, nyemba imodzi inali ndi chilembo K.

"Amayi achapa," anatero mkazi wanga, amene anali atatsogola kudzaphika.

"Achapa chiyani?"

"Tizipewa tanu. Akuti munali litsiro loti n'kudzalamo fodya. Anazula ndi chogwirira cha supuni. Thupi lake ndalanditsa, ndawauza kuti lili ngati wailesi, silisamba."

Ndinalowa m'nyumba. Kiyibodi inali patebulo ili mbulanda, timitu take tili poyera. Ndinaifunditsa nsalu chifukwa cha manyazi.

Dzuwa litapendeka, apongozi anayala mphasa pansi pa mango, anaitanitsa kiyibodi, anaiyika pamiyendo, n'kuyamba kubwezera tizipewa. Ine ndinakhala chapatali pa chitsa, kuyang'ana kumbali monga mwa ulemu, koma diso limodzi linakana ulemuwo. Pakona yakumanzere, pamwamba, anayikapo a. Kenako e, i, o, u, monga anaphunzirira kusukulu ya mishoni. Kenako b, c, d, mpaka kutsika. Q ndi X anaziyika kumapeto kwenikweni, ngati alendo osadziwika pamaliro. Tizipewa topanda chilembo, ta pa zala zazikulu, anatisonkhanitsa pakona ina kuti tisasokoneze anzawo.

"Uwauze apongoziwo," anatero, "kuti amene anapanga chinthuchi anangomwaza zilembo ngati mawere. Ndawadzalira m'mizere."

"Akuti akudzalirani m'mizere."

Ndinatsika pachitsa, ndinanjuta, n'kuwomba m'manja. "Uwauze amayi kuti ndathokoza kwambiri."

"Uwauzenso kuti mawa tikaweruka ku tchalitchi ndidzabwera ndidzadine ndekha, ndione ngati chikugwira. Ndisakhale kuti ndawonongera mwana wa eni."

M'nyumba ndinalumikiza chingwe n'kudina a. Chimene ndinkalemba chinatsekeka, pakuti pakona imeneyo mapu ankadziwa kuti pali batani lothawira. Ndinadina e, panatuluka q. Ndinadina i, panatuluka w. Ndinayesa kulemba dzina langa, panatuluka dzina la mankhwala a thonje.

"Ndingobwezera mmene tinalili," ndinanong'ona. "Kanthawi kochepa."

Mkazi wanga anapinda manja. "Bwezerani. Nanenso muyambe kuphunzira kusema mipini."

"Nanga mawa akadzadina a n'kutuluka zina?"

"Ndiye kuti mwawauza kuti awononga. Pamaso pawo."

"Ndiye nditani?"

"Inu si ndinu a kompyuta?"

Ndinakweranso pachulu. Msuweni anaseka mpaka ndinamva kasitomala wake akufunsa ngati aitane galimoto ya kuchipatala. Atapeza mpweya anati: "Zipewazo zisiye momwemo. Sintha mapu agwirizane ndi zipewa."

"Ndisinthe ubongo wa makina chifukwa cha zipewa?"

"Iwe unasintha mudzi chifukwa cha mkazi. Chavuta n'chiyani, akamwini?"

Ndinakhala pansi dzuwa lisanalowe, batire la sola likadali ndi mphamvu. Vuto loyamba linali lakuti pofuna kukonza kiyibodi pamafunika kiyibodi. Ndinachita kuitanitsa kiyibodi ya pagalasi, yodina ndi kambewa chilembo chimodzichimodzi. Ndinkayang'ana chipewa, n'kuyang'ana kabokosi, n'kuiwala chipewa, n'kuyang'ananso. Kabokosi koyamba a. Kachiwiri e. Pofika pa mzere wachitatu ndinali nditaiwala ngati ndikuwerenga kuchokera kumanzere kwanga kapena kumanzere kwa kiyibodi. Komabe ndinamaliza, ndinafulasha, ndipo nditadina a panatuluka a. Ndinatsala pang'ono kuimba nyimbo ya Pasaka.

Kenako ndinafuna kulemba nambala. Batani lokwerera pa nsanjika yachiwiri ndinali nditaliiwala m'mapu atsopano. Manambala onse anali m'mwamba, ali bwinobwino, koma kopanda makwerero. Ndinati palibe kanthu, ndikonza mapu ndifulashenso. Batani lofulashira linali pa nsanjika yachiwiri. Ndinali nditamanga nyumba n'kutsekera makwerero m'chipinda chapamwamba. Ndinakhala ndikuyang'ana khoma mpaka buluzi amene anali pamenepo anachita manyazi n'kuchoka.

"Tembenuza kiyibodiyo," anatero msuweni nditakweranso pachulu. "Pali kabowo. Tosa ndi kanthu kosongoka, itsegula pakamwa yokha. Ndipo ukatha utose ndi mutu wakowo."

Ndinatosa ndi munga wa mthethe. Zinatheka. Makwerero ndinawayika pa kachipewa kena kopanda chilembo, pakona paja, pamalo poti chala chachikulu sichifika pokhapokha utapotoza dzanja ngati ukukama ng'ombe yobisala.

Lamulungu apongozi anafika atavala chitenje cha ku tchalitchi, anakhala pamphasa pakhomo, mkazi wanga n'kuwayikira laputopu patsogolo. Anapukuta chala pa chitenje. Anadina a. Panatuluka a. Anadina e, i, o, u, zonse zinabwera ngati ana oitanidwa ndi mayina. Anadina Q kumapeto kuja kuti aone ngati wakwiya. Q anabwera.

"Uwauze kuti tsopano chawongoka."

Apa ndiye pakamwa panga panathamanga kuposa mutu. Mtima utakhala pansi, ndinafuna kuwonjezera mchere. "Uwauze amayi kuti chibadwire chake sichinagwirepo bwino ngati lero."

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali asanapereke uthengawo. Koma uthenga ndi uthenga, anapereka.

Loweruka lotsatira lichero linali pa thandala.

Ndinadzitonthoza kuti abwezera momwe muja. Ayi. Ulendo uno anaona kuti tizipewa tina n'totuwa, tina n'tofiirira, ndipo popeza inali nyengo ya Lenti, tofiirirato anatindandalika pakati ngati mtanda, totuwa n'kudzaza m'mbali mmene tabwerera m'dzanja. Loweruka linalo anayamba ndi zilembo zoyambira mayina a zidzukulu zawo, kuyambira wamkulu. Linalo anati tizipewa tofufutika tatopa, tikapume m'mphepete, tatsopano tilowe pakati tigwireko ntchito. Ndipo Lamulungu lililonse, akaweruka, ankabwera kudzadina. Choncho Loweruka lililonse madzulo ine ndinali pa timabokosi, kulemba mapu, kufulasha, kutosa ndi munga. Mtengo wa mthethe uja unatha minga mbali imodzi. Ulipo, mukhoza kukauona, mbuzi zimaukanda msana mbali imeneyo.

Pofuna kuchenjera, mapu akale sindinkawafafaniza. Ndinkati mwina tsiku lina adzabwereza kadzalidwe kena, ndidzangokwera pa nsanjika yake osavutika. Motero nyumba inkangokwera. Nsanjika ya a e i o u. Nsanjika ya mtanda. Nsanjika ya zidzukulu. Nsanjika ya otopa. Penapake pakati panali nsanjika yanga yakale, ya mmene kiyibodi inabadwira, ndi ya manambala, ya ukwati, ya maliro. Zala zogwirira makwerero zitachepa, msuweni anandiphunzitsa mtundu wina wa batani, loti ukadina kamodzi umakwera n'kukhala komweko mpaka utadinanso. Ubwino wake dzanja limapuma. Kuipa kwake kiyibodiyo inalibe kanyali konena kuti uli pati. Ndinkadzuka m'mawa osadziwa kuti ndagona pa nsanjika iti. Ndinkachita kudina batani limodzi ndi kuona chotuluka, ngati munthu wochokera ku mowa amene akugogoda zitseko za mudzi wonse kufunafuna yake.

Ku boma ntchito inasanduka chizungulire. Maso ankawerenga zipewa za sabata ino. Zala zinkakumbukira za sabata yatha. Kiyibodi inali pa nsanjika ya sabata ya dzana. Atatufe sitinkakumana. Aphunzitsi ena a ku tchalitchi cha Pentekosite anabwera kudzalembetsa khadi ya ukwati wawo, ataima kumbuyo kwanga kuwerenga. Ndinalemba dzina lawo, zinatenga nthawi yoti munthu n'kumeta. Ndinalemba la mkwatibwi. Ndinadina batani la mawu otsekera, amene amati "Kubwera kwanu ndi madalitso". Pansi pa mayina awiriwo panatuluka kuti: "Mizimu yawo iuse mumtendere."

"Achimwene," anatero aphunzitsi mofatsa, "tikukwatirana. Sitikufa."

"Ndangotsogoza ntchito, aphunzitsi. Ndi nsanjika yoyandikana."

"Nsanjika yanji?"

Ndinayamba kuwafotokozera za mtanda ndi zidzukulu. Anandigwira paphewa, anatseka maso, n'kundipempherera pomwepo, mokweza, amayi ogulitsa tomato akuyankha amen. Khadiyo anakalembetsa kwina.

Ndinaganiza zoisiya kiyibodi ku boma Lachisanu, kuti Loweruka lipite lichero lili lopanda kanthu. Ndinayesa kamodzi. Ndisanatsike n'komwe panjinga mkazi wanga anali atafika.

"Amayi akufunsa kuti chinthu chija chili kuti. Atunga kale madzi a mawa."

"Uwauze kuti chatsala ku ntchito."

"Ndiwauze kuti mwachibisa?"

"Sindinati ndachibisa."

"Iwo amva choncho. Ine ndamva choncho. Ngakhale njingayi yamva choncho."

Ndinatembenuza njinga. Tsiku limenelo msewu wa ku Chadiza ndinaupalasa mpaka unandipatsa moni.

Chimanga chitayamba kuuma, kiyibodi inakana kulandira mapu atsopano. Msuweni anati mimba yake yadzaza, ndigwetse nsanjika imodzi. Ndinakhala pachulu ndikuwerengetsa. Ya manambala siingachoke. Ya ukwati ndi ya maliro ndiye ntchito. Ya mtanda ndinaopa tchimo. Ya zidzukulu, ya a e i o u ndi ya otopa ndinaopa apongozi. Inatsala imodzi yokha imene panalibe woikwiyira: yanga ija, yakale.

"Gwetsa," anatero msuweni. "Mkamwini amamanga nyumba pamalo a eni."

Ndinagwetsa. Kuyambira tsiku limenelo munalibenso kanthu m'kiyibodimo kokumbukira kuti A anabadwira kuti. Ine ndemwe ndinali nditaiwala.

Titakolola, mwini kachipinda anatumiza mawu kuti pali telala amene akukafuna. Ndinapempha ankhoswe anga kuti nkhani ya chitengwa ikambidwe, ndipo anagwirizana za Lachitatu. Ndinasangalala nalo tsikulo, chifukwa Lachitatu si tsiku la lichero. Mapu anali ogwirizana ndi zipewa, ndinali nditayesa batani lililonse, ndipo ndinkadziwa nsanjika imene ndinali, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

Tinakhala pansi pa mango. Amuna pamipando, amayi pamphasa, ine pachitsa changa. Ankhoswe anga anayamba ndi mvula ya chaka chino, anadzera pa mtengo wa thonje, anakhudza matenda a nkhumba, mpaka anafika: mwana wathuyu wakhala nanu, mwamuona, ntchito yake ili ku boma, tikupempha atenge mnzakeyu akakhale naye kumeneko. Amalume a mkazi wanga anakanda chibwano n'kutembenukira kwa mlongo wawo.

Apongozi anangouza mkazi wanga kuti akatenge lichero.

Linabwera, tizipewa tili mbee, tonyowa pang'ono. Anali atatsuka m'mawa womwewo chifukwa kukubwera alendo. Kiyibodi inabwera pambuyo ili mbulanda, pamaso pa ankhoswe. Anaiyika pamiyendo n'kuyamba kudzala, osafulumira. Ndinayesa kutsatira kuti ndione ngati ndi kadzalidwe kakale. Sikanali ka mtanda. Sikanali ka zidzukulu. Mpaka lero sindidziwa lamulo limene anatsata tsikulo. Z anali pakati ngati mkwati.

"Uwauze alumikize, amalume akowa aone mmene chimagwirira."

Ndinayang'ana kuchulu. Chinali pomwepo, chapafupi, koma munthu sungachoke pa nkhani ya chitengwa chako n'kukakwera chulu. Ndinalandira kiyibodi ndi manja awiri. Polumikiza chingwe, chala changa chachikulu chinayendayenda mwakabisira pa mabatani a m'munsi, kudina apa ndi apo, kuti mwina mwa chisomo ndigwere pa nsanjika yofananako. Ndinakwera, ndinatsika, ndinakweranso. Pomwe ndinkabwezera kwa mkazi wanga sindinkadziwa ngati ndili pansi, pakati kapena padenga.

Apongozi anapukuta chala. Anadina a.

Panatuluka 7.

Anadina e. Panatuluka chizindikiro chofunsira. Anadina Z wa pakati uja, laputopu inakweza mawu n'kulira ngati mwanapiye. Ankhoswe anga anayang'ana nsapato zawo. Kuseri kwa khola, kusema kunaima. Ine ndinayamba kuganiza za mtengo umene umatulutsa mipini yabwino.

Apongozi anachotsa chala pang'onopang'ono. Anayang'ana kiyibodi nthawi yaitali, ngati mmene amayang'anira mwana amene wakana phala.

"Achimwene," anatero kwa amalume, "miyezi yonseyi chinthuchi ndimachiyika mmene ndafunira, ndipo chimandimvera. Ndiyike chakuno, chimvera. Ndiyike chauko, chimvera. Sichinandiyankhepo mwano ngakhale tsiku limodzi. Lero chamva kuti akufuna kuchitengera ku boma."

"Chamva," anavomereza amalume.

"Chakhumudwa."

"Chikuoneka," anatero ankhoswe anga, amene sanagwirepo kompyuta chibadwire.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za femuweya. Mkazi wanga anandiyang'ana, pakamwa panatsekeka pokha.

"Uwauze apongoziwo," anapitiriza mayi a mkazi wanga, "kuti mkazi atenge. Ndi wamkulu, ku boma akazolowera. Koma ichi asiye. Chandizolowera ine, ndipo kumeneko kulibe wochisamala. Chikangodwala."

Mkazi wanga anatembenuza khosi. "Akuti ine munditenge. Kiyibodi musiye."

Ndinakhala ngati ndamenyedwa ndi chipande chonyowa. Chimene ndinkapempha ndapatsidwa. Chimene ndinkapemphera, kuti ndikagwire ntchito ku boma, chatsala pamphasa. Ndinayesa kuziwerengetsa m'mutu kuti ndione ngati ndapambana, koma mutu nawo unali pa nsanjika ina. Ankhoswe ananditsina m'nthiti.

"Omba m'manja, iwe."

Ndinanjuta, ndinaomba. Ndinazula chingwe ku laputopu n'kuyamba kuchikulunga kuti ndiyike m'thumba, poti chingwe n'chingwe, chimagwira ntchito zina.

"Uwauze asiye ndi mchira womwe."

Ndinasiya ndi mchira womwe.

Tinasamuka pa ngolo ya ng'ombe, matiresi pamwamba, mkazi wanga pamwamba pa matiresi, ine m'mbali ndikukankha njinga. Titadutsa minda ya thonje, mudzi utabisika, ndinafunsa funso limene linkandidya.

"Kodi amayi ankadziwa?"

"Ankadziwa chiyani?"

"Kuti ndine ndinkasintha mapu. Kuti sichinkawamvera iwo."

"Nanga chinkamvera ndani?"

"Ine."

"Inu munkamvera ndani?"

Ndinakankha njinga kamtunda ndithu ndikuganiza.

"Chabwino. Koma anachita dala, kapena amakhulupiriradi kuti chinakhumudwa?"

"Mukawafunse."

"Ndingawafunse bwanji? Ndiyenera kudzera mwa iwe."

"Ndiye mwafunsa kale," anatero mkazi wanga. "Gwirani mtondowo, ukugwa."

Ndinagwira mtondo. Telala uja anapeza kachipinda tili kale m'kati.